Akuba Osathyola Loko

Pa nkhani ya akuba, ine ndinkadziona ngati katswiri. Ndinakulira pa Namitete pompano, ndipo pamene ndinkatsegula kashopu kanga kotayipa makalata ndi kuchita fotokope ndinali nditaona kale magolosale angapo atabooledwa khoma. Choncho ndinaika zitsulo pawindo, maloko awiri pachitseko, ndipo ndalama ya mlonda wa mzere wathu ndinkasonkha osadikira kukumbutsidwa. Amuna anga ankati shopu yanga n'njotetezeka kuposa nyumba imene iwo amagonamo. Ndinkawayankha kuti m'nyumbamo mulibe chobedwa kupatula iwowo, ndipo iwowo palibe angawafune.

Kompyuta ndinaigula kwa bambo wina wokonza makompyuta m'tauni ya Lilongwe, munthu wosachulutsa mawu. Iwo ndi amene anandiuza kuti ndigulenso kadisiki kapadera, kakukula ngati sopo wosambira, koti ndizikoperamo ntchito zanga zonse kuti kompyuta ikadzafa ndisadzalire. Ndinagula. Koma m'shopu mwanga mumalowa anthu osiyanasiyana, ndipo ndinali nditataya kale zolembera zosawerengeka, masitepula awiri, ngakhale kapu yanga ya tiyi. Kanthu kolowa m'thumba ngati kameneko sikakanatha sabata. Ndiye ndinatenga linya, lomwe lija timamangira katundu panjinga, n'kumangirira kadisikiko pabokosi la kompyuta, kukulunga kasanu, mfundo yake kumbuyo. Chingwe chake ndinangochisiya chili chilumikizire masiku onse. Wofunsa aliyense ndinkamuonetsa monyadira, n'kumuuza kuti wofuna kukaba ayambe wanyamula kompyuta yonse.

Mwa makasitomala anga onse, wovuta kwambiri anali mphunzitsi wina wopuma ntchito, mkulu wa mpingo kutchalitchi ya kumidzi ya njira ya ku Nsaru. Mpingo wawo unkakonzekera chikondwerero chokumbukira kumangidwa kwa tchalitchiyo, ndipo iwo anadzipereka kulemba mbiri yake. Ankabwera panjinga tsiku la msika, makope m'chikwama, cholembera chofiira m'thumba la malaya. Ine ndinkatayipa mutu umodzi, n'kuwapulintira. Sabata yotsatira ankabwera nawo utafiira ngati mayeso a mwana wolephera.

"Mayi, apa mwadya mpumiro," ankatero.

"Aphunzitsi, mpumiro umodzi sugwetsa tchalitchi."

"Ugwetsa. Konzani."

Ndinkakonza, kwinaku ndikung'ung'udza. Mapepala ofiirawo sindinkataya, chifukwa kumbuyo kwake kunali koyera ndipo pepala ndi lodula. Ndinkawaponya m'katoni pansi pa thebulo. Ndisaname, ndinkawakonda akuluwa. Anali munthu yekhayo pa msika wonse amene ankasamala za ntchito yanga kuposa ine mwini.

Mutu womaliza unali wosiyana ndi inzake. M'mabuku akale a mpingowo munali mayina a abusa, a akulu a mpingo ndi a amisiri amene anamanga tchalitchi. Koma amayi amene ankatunga madzi kudambo oumbira njerwa, n'kusenzanso njerwazo pamutu kuchoka pa uvuni mpaka pamalo omanga, palibe anawalemba. Aphunzitsi anati buku lopanda amayi amenewo ndi bodza. Mwa onsewo panatsala agogo amodzi okha amoyo, ndipo poti dzanja la aphunzitsi linali litayamba kunjenjemera, anaganiza zongobwera nawo kushopu kuti azitchula ine ndikutayipa.

Agogowo anafika pa kabaza, atagwira chishalo ndi manja onse, akukalipira wopalasa kuti wawagwedeza mafupa. Atalowa anayang'ana kompyuta kuyambira pamwamba mpaka pansi, maso awo n'kuima pa linya.

"Chimathawa?" anafunsa.

"Sichithawa, agogo. Ndi akuba."

"Basi lemba, mwanawe. Ndipo usandithamangitse."

Sanatchule mwachisawawa ayi. Ankatsata mmene amayiwo ankandandalikirana panjira yochokera kudambo, mudzi ndi mudzi, wotsogola mpaka wotsalira. Pa mayina ena ankaseka, pa ena ankatukwana pang'ono kuti ameneyo anali waulesi, ndowa yake sinkadzadza. Aphunzitsi akafuna kufunsa kanthu ankawadula kuti, "Inu munali musanavale kabudula nthawi imeneyo." Kompyuta inkaika yokha manambala, ndipo pomaliza inaonetsa makumi atatu ndi asanu ndi awiri. Nambala imeneyo ndinaisunga m'mutu chifukwa agogowo anandiuza kuti ndiitchule kawiri.

Tsiku limenelo sindinapulinte. Inki inali itatsala pang'ono, ndipo ndinali ndi mayeso a sukulu ziwiri oti atuluke mawa lake. Ndinauza aphunzitsi kuti mayinawo ali m'kompyuta, alinso mu disiki, malo awiri, palibe chodetsa nkhawa. Kenako nyengo yosankha fodya inawagwira, anasiya kubwera. Pasanathe mwezi tinamva kuti agogo aja atisiya. Ndinamva chisoni, komanso pansi pa mtima ndinanyada kuti tinachita mwamsanga, mawu awo ali m'manja mwanga.

Lachiwiri lina m'mawa ndinalandira imelo. Inkaoneka ngati yachokera ku bungwe lina lofuna munthu wopulinta timabuku tambirimbiri ta alimi, ndipo inkati zonse zili m'fayilo imene anaimatako, ndiyankhe lisanathe tsiku. Bungwelo ndinali ndisanalimvepo. Sindinadzifunse kuti andidziwa bwanji, kapena chifukwa chiyani anthu a ntchito yaikulu chonchi adumpha mashopu onse a m'tauni n'kudzasankha wa pa Namitete wa pulinta imodzi. M'mutu mwanga ndinali nditagula kale malata. Ndinatsegula fayiloyo. Sipanaoneke kanthu. Ndinatsegulanso kachiwiri, n'kutukwana netiweki, n'kupitiriza kutayipa kalata ya munthu wofunsira ntchito.

Pofika masana kompyuta inali ikuyenda ngati ng'ombe yotopa. Mayi wina anabwera kudzatenga makadi a ukwati wa mwana wake. Ndinadina fayilo yake, inakana. Ndinadina ina, inakananso. Mayina a mafayilo onse anali atamera mchira wa zilembo zosamveka. Kenako panatseguka uthenga wa Chingerezi, waulemu ngati kalata ya ku ofesi. Unkati mafayilo anga onse atsekedwa ndi kiyi amene ali ndi iwo okha, ndipo ndikafuna kuwaonanso ndilipire ndalama zakunja pasanathe masiku atatu, apo ayi mtengo ukwera kawiri. Ndalama zake zinkaposa mtengo wa kompyuta ndi pulinta pamodzi.

Ndinaseka. Zoonadi, ndinaseka mokweza, mpaka mayi wa makadi uja anadabwa. Ndinati mumtima, mbava inu mwalemba m'madzi, ine ndili ndi disiki. Ndinaitsegula. Michira yomweyo, fayilo iliyonse. Sindinaganize za makadi, kapena mayeso, kapena makalata a anthu a zaka zinayi. Ndinaganiza za agogo aja ndi mayina awo.

Ndinatseka shopu ndi maloko anga awiri aja, amene tsiku limenelo ndinawaona kupusa kwake, n'kukwera minibasi ya m'tauni, bokosi la kompyuta pamiyendo. Kondakitala ankafuna kulilipiritsa ngati munthu. Ndinamuyankha mawu amene sindingawalembe pano, ndipo mpaka pa Njewa palibe analankhula nane.

Bambo wokonza makompyuta uja atangoona linya anavula magalasi.

"Mayi, disiki iyi imakhala yolumikiza nthawi zonse?"

"Nanga ndikaimasula si aiba?"

"Ndiye aiba kale. Chilichonse chimene kompyuta ikuchiona, pulogalamu ya anthu amenewa imachionanso. Mukanati muzikopera n'kuichotsa, bwenzi lero tikungoseka."

Anandifotokozera modekha kuti imelo ija inali nyambo, ndipo fayilo ija ndi imene inalowetsa pulogalamu yotseka mafayilo. Anthu ake sanasankhe ine, amangoponya mbedza paliponse, ndipo amakonda mabizinesi ang'onoang'ono chifukwa ndi amene alibe munthu wowayang'anira zinthu zotere. Ndinafunsa ngati angathe kutsegula. Anati ayi, mtundu umenewu sautha, ndipo wina akandiuza kuti autha ndigwire chikwama changa. Ndinafunsa za kulipira.

"Ndalama n'zanu," anatero. "Koma mukulipira munthu amene simukumuona, ndipo palibe chomukakamiza kukupatsani kiyi. Ena amalandira, ena amauzidwa kuti aonjezere, ena samvanso kanthu. Ndipo mukalipira adziwa kuti pa Namitete pali mayi wolipira."

Kompyuta anaifufuta yonse n'kuikamo zatsopano. Disiki anandibwezera mmene inalili, nati ndisaifufute, ndiisunge, chifukwa nthawi zina makiyi a magulu otere amadzatulukira patapita zaka. Sanandilonjeze kanthu.

Mawa lake ndinapita kwa aphunzitsi. Nkhani yotere siyotumiza pafoni. Ndinawapeza m'chigafa akusankha fodya ndi akazi awo, ndipo atandiona anadziwiratu kuti sindinabwere kudzacheza. Ndinakhala pampando umene anandipatsa n'kufotokoza zonse, osabisa dyera langa la timabuku, osabisa linya. Ndinati mitu inayo ndiitayipanso kuchokera m'katoni, ulere. Koma mutu womaliza palibe pena paliponse pamene unalembedwa.

Aphunzitsi anaika pansi tsamba la fodya limene linali m'manja.

"Ndiye akufuna dipo," anatero.

"Eya, aphunzitsi."

"Mabelo awa akapita ku okushoni, ndalama ipezeka. Mwina siikwana, koma ndikagulitsanso ng'ombe imodzi ikwana. Muwauze adikire."

Akazi awo anasiya kusankha. Ndinaona mmene anayang'anira mabelowo, thukuta lawo la chaka chonse.

"Sinditumiza," ndinatero.

"Kodi ndalamazo n'zanu?"

"N'zanu. Koma manja otumiza ndi anga, ndipo sindilola. Ndakutayitsani kale mayina. Sindikutayitsaninso fodya ndi ng'ombe chifukwa cha lonjezo la mbava."

"Nanga akadzakhala kuti akanatsegula?"

"Ndiye mlanduwo udzakhala wanga, ndipo ndidzausenza."

Mawu anga anatuluka olimba, koma funso lawo linali loona ndipo yankho lake sindilidziwa mpaka lero. Aphunzitsi sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa. Anangoti, "Mayi, ndinakukhulupirirani," n'kubwerera ku fodya wawo. Akazi awo ndi amene anandiperekeza mpaka pamsewu, ndipo posiyana anandigwira dzanja nthawi yaitali kuposa mmene moni amafunira.

Masabata otsatira ndinagwira ntchito ngati bulu. Makadi a ukwati ndinapanganso, mayeso ndinapempha aphunzitsi a m'sukulu zija kuti andibwereke mapepala akale, ena anandinena, ena anandimvera chisoni, kasitomala mmodzi anasamukira kwa mnzanga wa tsidya la msewu ndipo sanabwererenso. Katoni ija inandipulumutsa. Mitu ina yonse ya mbiri inali mommo, ina kumbuyo kwake nditalembako mitengo ya fotokope, ina itadontheredwa tiyi. Ndinatayipa tsamba ndi tsamba, ndipo mpumiro uliwonse wofiira ndinauika pamalo pake popanda kung'ung'udza.

Kagwiridwe kanga ka ntchito kanasinthiratu, ndipo pa ichi sindichita manyazi kudzitama. Ndinagula madisiki awiri. Lachisanu lililonse ndimalumikiza imodzi, kukopera, kuichotsa nthawi yomweyo, n'kupita nayo kunyumba. Sabata yotsatira ndimabwera ndi inzake. Kamodzi pamwezi ndimatsegula mafayilo angapo a mu disikimo kuti ndione ngati akutsegukadi. Ntchito imene ilibe kope lina kwina kulikonse ndimaipulinta tsiku lomwelo, inki ithe isathe. Imelo ya munthu wosamudziwa, makamaka yonena za ndalama zambiri ndi nthawi yochepa, sinditsegula zomatidwa zake ndisanapeze njira yanga yotsimikizira kuti munthuyo alikodi. Kompyuta ikapempha kuti ikonzenso mapulogalamu ake ndimailola, ngakhale bandulo indiwawe. Fulashi ya kasitomala, kaya ndi abusa kaya ndi apongozi anga, imayamba yapimidwa ngati ilibe pulogalamu yoipa.

Sindinabise zimene zinandigwera. Ndinayenda mzere wonse wa mashopu, kwa wogulitsa mbewu ndi feteleza, kwa wogulitsa mankhwala, ngakhale kwa mnzanga wonditengera kasitomala uja. Wa mbewu anaseka nati iye n'ngwamng'ono, akuba a pa intaneti amafuna mabanki. Ndinamufunsa ngati ine ndimaoneka ngati banki. Ndinazungulira kauntala yake n'kupeza fulashi yake yosungira zonse ili chibayire kumbuyo kwa kompyuta, itachita fumbi. Ndinaizula ndekha n'kumuika m'manja. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ine ndinatsina ndithu.

Koma zonsezi sizinabweze mayina. Nditamaliza mitu ina ija ndinapita nayo kwa aphunzitsi, ndili ndi ganizo limodzi. Ndinati amayi aja anasiya ana ndi zidzukulu, ndipo ambiri amapemphera m'tchalitchi yomweyo. Bwanji tifunse mpingo wonse? Anayang'ana mapepala, kufunafuna cholakwa, osachipeza. Kenako anati, "Mukafunse nokha. Ine ndilengeza chabe kuti kwabwera mlendo."

Lamulungu limenelo, mapemphero atatha ndi zolengeza zonse zitaperekedwa, ndinaimirira kutsogolo ndi kope ndi cholembera. Ine sindiopa anthu, koma tsiku limenelo ndinawaopa. Ndinafotokoza kuti agogo aja anabwera kushopu kwanga n'kutchula amayi onse amene anatunga madzi ndi kusenza njerwa za nyumba imene tinakhalamoyi, ndipo ine ndinataya mayinawo chifukwa cha dyera ndi umbuli. Nditafika pa linya anthu anaseka, ngakhale abusa anaphimba pakamwa. Ndinawasiya aseke, ndinali nditakuyenera. Kenako ndinapempha kuti aliyense amene amadziwa kuti mayi ake, agogo ake kapena azakhali ake anali m'gululo, aimirire atchule.

Poyamba panalibe woimirira. Kenako bambo wina wachikulire kumbali ya amuna anadzuka n'kutchula mayi ake, ndi mudzi wawo. Mayi wina wa chigwirizano cha amayi anatchula awiri, agogo ake ndi mng'ono wawo. Zitatero zinangokhala ngati mvula yoyamba. Anthu ankaimirira atatu nthawi imodzi, ena akutsutsana kuti ameneyo anakwatiwa tchalitchi itatha kale, ena akukumbutsana za amene anagwa ndi ndowa pa chulu. Aphunzitsi, amene anati sachita nawo, anali ataima pambali panga akulondolera anthu ndi dzanja ngati m'kalasi, ndipo dzina lililonse ankafuna mboni ziwiri lisanalowe m'kope. Mayina ena nditawamva ndinawazindikira, zala zanga zinali zitawatayipapo. Mtima wanga unayamba kupepuka, ndipo ndinayamba kuganiza kuti mbava zija zaluza kotheratu.

Anthu atasiya kuimirira ndinawerenga. Anali makumi atatu ndi anayi. Ndinawerenganso.

"Atsala atatu," ndinauza aphunzitsi chapansipansi.

Iwo anatembenukira ku mpingo. "Atsala atatu. Palinso wina?"

Anthu anayang'anana. Ena anatchula mayina amene tinali titalemba kale. Tinadikira. Mayi wa chigwirizano uja ndi amene ananena chimene tonse tinali titayamba kuchiona. Anati amene atchulidwa ndi amene anasiya mbumba pano. Koma panali ena amene anabwera chitengwa kuchokera kutali, amuna awo atamwalira anabwerera kwawo, ndiponso ena amene sanabereke. Amenewo alibe wowaimirira.

Pomwepo ndinakumbukira chinthu chimene chinali chitandichoka. Chakumapeto kwa mndandanda, agogo aja anagogoda thebulo langa ndi chala, nati, "Uyu analibe mwana. Umulembe bwino, mwanawe, chifukwa ukamuphonya iwe palibe adzamutchule." Mawuwo ndinawamva bwinobwino m'makutu mwanga, ngakhale kagogodedwe ka chala. Dzina lokhalo ndi limene silinabwere. Ndinaima pamenepo kutsogolo kwa mpingo wonse, ndikulikakamiza kuti libwere, mpaka misozi inagwera pakope.

Mlembi wa mpingo anati palibe vuto, tingolemba kuti amayiwo anali makumi atatu ndi anayi, palibe adzadziwe. Ndisanatsegule pakamwa aphunzitsi anali atayankha kale.

"Anali makumi atatu ndi asanu ndi awiri. Mayi, mudzaike manambala onse. Atatu omalizawo mudzasiye mizere."

Ndinatero. Bukulo linatuluka chikondwerero chisanafike, loyera, lopanda cholakwa n'chimodzi chomwe, ndipo aphunzitsi anabwera okha kudzatenga makope ake panjinga. Anatsegula tsamba lomaliza ali chiimire pakauntala, n'kuwerenga mayina onse ndi chala, mmodzimmodzi, ngati akuitana ana m'kalasi. Atafika pa mizere itatu ija chala sichinadumphe. Chinaima pa uliwonse nthawi yokwanira kutchula dzina la munthu.